Ndolo za Mkazi Wamasiye

"Ndiye bambo anga munawapha liti, bambo a Ryan? Ndiuzeni tsiku lake, nanenso ndilire."

Akuzike anafunsa zimenezi asanavule ndi jekete lomwe. Anali atangotsika basi kuchokera kuchipatala kumene anachezera usiku wonse ndi odwala. Maso anali psuu, koma tulo tinali titabalalikira m'basi momwemo pamene mnzake wakuntchito anamutumizira kavidiyo kena pafoni.

Mwamuna wake, Hudson, anali pathebulo la m'khitchini akung'amba katoni yomwe inabwera dzulo lake. M'katonimo munali timipira tamtengo tosalala, tofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, timbedza tachitsulo topangira ndolo, ndi zibangili zapulasitiki zopanda mtundu. Zonsezo zinachokera kufakitale ina ya ku China.

"Tsitsani mawu, amayi ali m'mwambamu," anatero Hudson osadzutsa mutu.

"Lero mwakumbuka kuti ali ndi makutu? Tamverani mawu anuwa."

Anaika foni ija pamwamba pa katoni. M'vidiyomo munali mayi ake a Akuzike, a Ennie, atakhala pawindo, mpango wakuda uli kumutu, akukutira kampira kamtengo ndi kachidutswa ka chitenje. Kumbuyo kwake kunkamveka mawu a Hudson, m'Chingerezi chofewa chomwe sanachilankhulepo m'nyumbamo. Ankafotokoza kuti mayiyu ndi wamasiye wa ku Malawi, mwamuna wake anamwalira n'kumusiya padzuwa, ndipo mkanda uliwonse amausema yekha ndi kampeni.

"Imeneyo ndi marketing, mayi a Ryan. Mzungu sagula ndolo, amagula story."

"Story yake ikhale maliro a bambo anga? Munthu ali bwinobwino ku Dedza, akupalira chimanga chake?"

"Kodi mukuganiza kuti sindinayese kunena zoona? Tsiku loyamba kumsika ndinawauza zonse. Timipirati n'tamakina, timbedzati n'tamakina, nsaluyi inadindidwa kufakitale, koma kudula, kukutira ndi kusoka ndi manja a apongozi anga. Ankangoti lovely, lovely, n'kumapitirira kukagula makandulo kwa mzungu mnzawo. Nditangotchula mawu oti widow, thebulo linayera lisanafike nthawi ya nkhomaliro."

"Zoonazo zachepa pati? Makina achita mbali yawo, amayi achita yawo. Ndi makina ati angakutire nsalu pakampira popanda khwinya ngati mmene amachitira amayi? Zimenezo si zoti munthu n'kunyadira?"

"Kunyadira sikulipira lendi. Inu mumavala yunifolomu, aliyense amakutchani nurse. Ine kwathu ndinali mphunzitsi wa sekondale, ana ankaimirira ndikalowa m'kalasi. Kuno ndimasenza makatoni ku warehouse, ndipo pepala langa lokhalira m'dziko muno analemba kuti dependant. Bambo wandevu zake, dependant! Ndapeza kanthu kanganga, mwayamba kale kukaponda."

"Palibe akuponda bizinesi yanu. Ine ndikuti kutchula wamoyo kuti malemu n'kulaula. Bambo amadwala shuga, mukudziwa. China chitachitika mawa, mudzayang'ana kuti? Ukayenda siya phazi, bambo a Ryan. Ukasiya mlomo umakutsata."

"Mlomo wake unditsata bwanji? Amayi Chingerezi samva. A ku Dedza sadziwa n'komwe kuti page imeneyi ya pa intaneti ilipo. Ungodutsa msika wa Khirisimasi wa ku Bradford, ndichotsa zonse. Ndalonjeza."

Pamasitepe panamveka mapazi. Onse awiri anakhala chete ngati ana ogwidwa akunyambita shuga. A Ennie analowa ali ndi Ryan kumbuyo, anapereka moni kwa mkamwini wawo akuyang'ana pansi, monga ankachitira masiku onse, ndipo ataona katoni ija nkhope yawo inawala.

"Zabwera zina? Zikomo bambo, manjawa anayamba kuyabwa."

Akuzike akanayambira pati? Kuuza mayi ako kuti mwamuna wako anawaphera mwamuna wawo kuti ndolo ziyende malonda? Anatola foni yake n'kukwera kukagona. Kunena zoona, apa ndi pamene Akuzike anaphonya, ngakhale kuti amene sanagwirepo shifiti ya usiku asafulumire kumuweruza.

A Ennie anabwera ku Rotherham, tauni yomwe banjali linkakhala, kudzalera mdzukulu, koma sanali munthu wotha kukhala manja lende. Mwana akagona ankatola zidutswa za zitenje n'kumakutira mabatani a majuzi akale, kungofuna kutayitsa nthawi m'dziko lomwe kumada anthu asanaweruke. Hudson ataona mabataniwo anaona bizinesi. Iye ankaitanitsa zamakina pa intaneti, apongozi ake n'kuzipatsa nkhope. Ndipo luso linalipo. Ankadula nsalu mwakuti duwa la pachitenje lizigwera pakati penipeni pa kampira, n'kukoka ulusi mpaka msoko kubisala. Ndolo ziwiri zinkatuluka zofanana, koma osati kufanana kozizira kwa makina.

Tsiku lina masana Akuzike atadzuka anawapeza pawindo pomwe paja, zala zili zoyera ndi guluu wouma.

"Amayi, pumulaniko. Zala zimenezo zatupa."

"Zatupa ndi kuzizira, osati ntchito. Iwe Aku, tandiuza. Anthu akuno ali ndi mtima wotani? Ndikakhala kumsika kuja ndikusoka, bambo a Ryan akamawalankhula, ena amabwera kudzandigwira dzanja. Wina sabata yatha mpaka misozi mbwembwembwe, kundikumbatira ngati m'bale wake. Ndolo zokhazi mpaka kulira?"

Akuzike anayang'ana kunja. Mvula yowaza inali ikunyowetsa mabini a zinyalala.

"Amangokonda ntchito yanu, amayi."

"Kaya. Koma mpango wakuda uja sindiukonda ine. Akuti mikanda imaoneka bwino ukavala chakuda, ndiye munthu ungakane bwanji mawu a mkamwini m'nyumba mwake? Tsiku lina ndinaiwala kuvula, bambo ako akuimba pavidiyo. Anati, 'Mayi, kwafa ndani kumeneko?' Ndinawauza kuti ndi yunifolomu ya kampani. Anaseka mpaka kutsokomola."

Anaseka okha a Ennie. Ataona kuti mwana wawo sakuseka, anaika singano pansi.

"Ndimakumvani mukunong'onezana mokalipa m'khitchinimo. Sindifunsa, za m'banja ndi za eni. Koma mwamuna wakoyu umuleze mtima. Munthu akachoka pa choko n'kufika posenza makatoni, mtima umawawa. Akuyesetsa. Sunga khosi, mwanawe, mkanda woyera udzavala."

Mawu amenewo anamupweteka Akuzike koposa kutukwanidwa. Madzulo ake anamutsekereza Hudson pakhomo pamene mwamunayo ankapita kuntchito.

"Akukuikirani kumbuyo, mukudziwa? Munthu amene mukumugulitsa ngati mbuzi ya pamsika akundiuza kuti ndikulezereni mtima."

"Loweruka lokhali basi. Ndalipira kale malo."

"Musawatenge. Pitani nokha ndi ndolozo."

"Popanda iwo anthu akhulupirira bwanji kuti ndi handmade? Amafuna aone manja akugwira. Mayi a Ryan, walira mvula walira matope. Mumafuna tidzagule nyumba kapena tidzafere m'lendi?"

"Matope ake ndi bambo anga?"

Hudson anavala chipewa n'kutuluka. Basi sinkadikira munthu.

Loweruka lija Hudson ndi a Ennie anapita ku Bradford, mpango wakuda uli pamalo pake. Malonda anayenda. Hudson anali atazolowera ulaliki wake moti ankadziwa pomwe ayenera kutsitsa mawu ndi pomwe ayenera kupumira m'mwamba. Chomwe sanaone n'chakuti kumbuyo kwa gulu la azungu kunaima Temwani, mtsikana wa kumpingo kwawo yemwe ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Anabwera akukankha gogo wina wachizungu panjinga ya olumala kudzaona msika. Anamva zonse, anaona mpango wakuda, ndipo anagwira pakamwa. Sakanatha kusiya gogo uja yekha m'chigulu, choncho anabwerera osapereka moni. Asanafike n'kunyumba komwe anali ataimbira kale mayi Mumba, mzimayi wa ku Zambia yemwe ankatsogolera amayi a kumpingoko.

Nkhaniyo inawakhudza amayiwo mpaka m'mafupa. Anthu awa aferedwa, alephera kupeza matikiti opitira kumaliro, ndiye akungolira okha m'nyumba mwakachetechete, ife tili phee? Ndi mpingo wanji umenewu? Mawa lake ataona kuti banja lonse silinabwere kutchalitchi, sanafunenso umboni wina. Chikhalirecho Akuzike anali m'tulo atachokera kushifiti, ndipo Hudson anatopa ndi ulendo wa ku Bradford.

Tsoka silinunkha. Kumudzi ku Dedza kunagwa chimvula chomwe chinagwetsa mapolo a magetsi, ndipo foni ya a Overtone, amuna awo a Ennie, inali itazima kuyambira Lachisanu. Munthu amene ankaimba m'mawa uliwonse asanapite kumunda anangoti zii. A Ennie sanadye bwino masiku amenewo. Ankangoyang'ana foni n'kumati, "Shuga uja, kaya amwa mankhwala."

Lamulungu masana kunamveka kugogoda. Akuzike anatsika akuyasamula, natsegula. Pakhomo panali amayi a kumpingo, zitenje atamangira pamwamba pa makhoti, wina atanyamula thumba la ufa, wina shuga, wina nkhuku zoumitsa m'firiji. Palibe anamwetulira. Anavula nsapato, n'kulowa mwandondomeko m'chipinda chochezera.

"Khalani pamipandopa," anatero Akuzike, mutu usanagwire.

Palibe anakhala pampando. Onse anakhala pansi pakapeti, miyendo atatambasula, misana itatsamira khoma. Mayi Mumba anayambitsa nyimbo motsitsa, ija imaimbidwa m'nyumba ya siwa, ndipo ena anailandira.

Akuzike anaizindikira nyimboyo. "Amayi, dikirani kaye, pali kusamvana..."

Anachedwa. A Ennie anali ataima pamasitepe, Ryan ali m'manja. Anayang'ana nsapato zili pakhomo, anayang'ana ufa, anayang'ana amayi ali pansi. Munthu wokulira kumudzi safunika womumasulira zimenezo. Kwathu uthenga wa imfa sauponya pafoni kwa mwini maliro. Amabwera anthu, n'kukhala pansi chonchi. A Ennie anamutsitsa mwana pang'onopang'ono.

"Ndani?" anafunsa ndi mawu aang'ono.

Mayi Mumba anakwawa ndi mawondo n'kuwagwira manja onse awiri. "Pepani maningi, amai. Tamvela mochedwa. Atate atisiya, koma Mulungu sanakusiyeni."

"Atate ake ati?"

"Amuna anu, amai."

Kulira komwe kunatuluka m'kamwa mwa a Ennie kunamveka mpaka kwa aneba a tsidya lina la msewu. Anagwa chagada, amayi n'kuwawakha.

"Mayo ine! Bambo a Aku, mwandisiyira yani? Mwafa nokha m'nyumba ngati mulibe mkazi! Mpango uja ine, mpango uja! Anandifunsa kuti kwafa ndani, ine n'kumaseka! Ndamulaula ndekha mwamuna wanga, ndamupha ndi mutu wangawu!"

"Ali moyo! Amayi, bambo ali moyo!" Akuzike anakuwa.

Amayi awiri anamugwira mapewa n'kumukhazika pansi. "Limbani mtima, asisi. Zimavuta kuvomereza. Lirani, musazisunge m'mimba."

"Ndisiyeni! Bambo a Ryan! Lankhulanitu! Auzeni anthuwa!"

Hudson anali ataima pakhomo la kukhitchini, kapu ya tiyi ili m'manja. Mlomo uja unkatsetsereka ku Bradford unali utauma gwa. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ryan naye anayamba kulira, nyimbo ikupitirira, a Ennie akudzimenya pachifuwa n'kumapuma mobanika. Akuzike, monga namwino, anaona mtsempha wa pakhosi pawo ukugunda ndipo anachita mantha enieni.

Anadzipulumutsa m'manja mwa amayi aja, nalanda foni yake pampando. Anakumbuka Ipyana, mwini golosale ya pafupi ndi kwawo ku Dedza, yemwe anali ndi sola, namuimbira pavidiyo. Foni inaitana kosatha. Atayankha, Akuzike sanapereke ndi moni womwe.

"Achimwene, thamangani kwathu pompano. Musadule. Thamangani, ndapota nanu!"

Pafoni pankaoneka thambo, kenako matope, kenako mapazi a Ipyana ali m'mapatapata. Nyimbo inayamba kuzilala, amayi akuyang'anana. Kenako panaoneka nkhope ya bambo wachikulire, chipewa chaudzu chili kumutu, khasu lili paphewa.

"Aku? Kwagwanji? Akulira ndani kumeneko?"

Akuzike anagwada n'kuika foni ija patsogolo pa mayi ake. A Ennie anaiyang'ana nthawi yaitali, chifuwa chikukwera n'kutsika. Anatambasula chala chotupa chija n'kukhudza galasi, pamphumi pa amuna awo.

"Ndinu?"

"Nanga akhala ndani? Magetsi ndiwo anathima kuno. Mayi, nkhope yatupa choncho bwanji? Kwafa ndani?"

"Inuyo," anatero a Ennie. "Mwafa ndinu."

Mayi Mumba anatembenukira kwa Temwani. Mtsikanayo sanadikire kufunsidwa.

"Ine sindinapeke, amayi. Ndinamva ndi makutu angawa dzulo ku Bradford. Achimwene a Hudson ndiwo amauza azungu kuti amayiwa ndi amasiye, mwamuna wawo anamwalira. Ndipo amayiwa anavala chakuda. Ndikanaganiza chiyani?"

Maso onse anapita pakhomo la kukhitchini. Hudson anaika kapu pansi, n'kuitolanso.

"Inali... inali njira yamalonda chabe. Sindinkaganiza kuti zifika kwa anthu athu."

A Ennie sanamuyang'ane. "Aku, anthu aja ankandigwira dzanja kumsika, ankandipepesa maliro?"

"Eya, amayi."

"Uja anandikumbatira akulira, ine n'kumuseka mumtima, ankalira bambo ako?"

"Eya."

"Iwe unkadziwa?"

Akuzike anafuna kunena kuti anakana, anakalipa, anatsekereza munthu pakhomo. Zonsezo zinali zoona, koma pamaso pa mayi ake zinalibe kulemera.

"Ndinkadziwa, amayi."

A Ennie anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anadzuka okha, kukana dzanja lililonse lomwe linafuna kuwathandiza, n'kukwera masitepe. Amayi aja anayamba kusuntha, wina akufunafuna chikwama, wina osadziwa ngati ufa autenge kapena ausiye. Kubwera kudzapepesa maliro n'kupeza malemu ali ndi khasu paphewa, munthu amatsanzika bwanji?

"Musapite," anatero a Ennie akutsika. "Mwabwera bwino, mwachita zaumunthu. Khalani mumve."

M'manja munali mpango wakuda uja ndi kachitini ka masingano. Anapita kukhitchini, nabwerera akukoka katoni ya timipira, n'kuiika pakati pa chipinda. Anayala mpango pamwamba pake, kachitini pamwamba pa mpango. Kenako anachita chomwe sanachitepo chikwatiwire mwana wawo. Anamuyang'ana mkamwini wawo m'maso.

"Bambo a Ryan, manja angawa ndinakupatsani ndi mtima umodzi. Sindinafunse kanthu. Mukanandiuza kuti luso langa likuchepa, ndikanachezera kuphunzira lina. Mukanati timipira tamakinati tikuchititsani manyazi, ndikanakuuzani kuti nsalu ya fakitale yomweyi ndi imene tonse tavala muno, ndipo palibe amachita nayo manyazi. Koma inu munaona kuti manja a munthu wamoyo sakukwana, mpaka munakatenga mwamuna wanga n'kumuika m'manda kuti ndolo zikome."

"Amayi, pepani, ndi..."

"Sindinamalize. Mkazi amasunga misozi ya mwamuna wake moyo wonse, ya tsiku limodzi lokha. Yanga mwandikhuthulitsa lero pakapeti ya lendi. Tsiku lenilenilo likadzafika ndidzaitenga kuti? Kapena mudzandiitanitsira ku China?"

Palibe anaseka. Hudson anali atawerama, thukuta lili pamphumi m'nyumba yozizira.

Pafoni, yomwe inali idakali m'manja mwa Akuzike, mawu a a Overtone ankamveka akufunsa Ipyana ngati netiweki yathawa. A Ennie anaitenga foniyo, naipukuta ndi m'mphepete mwa chitenje chawo.

"Bambo a Aku, muli pomwepo? Musachoke. Mkamwini wanu ali ndi uthenga."

Anatembenuka n'kuitambasulira kwa Hudson ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Gwadani, bambo. Malemu akufuna amve kuti anamwalira ndi chiyani."

Hudson anagwada pambali pa katoni ija. Analandira foniyo ndi manja awiri. Kuchokera ku Dedza, nkhope ya apongozi ake inasendera pafupi ndi galasi, maso atatsinzinira kuti aone bwino.

"Bambo a Ryan? Mwatigwadira lero, kwabwino? Lankhulani mwanga, ndikumva."